Tabuleti ya Gerishon pa Zenera la Apongozi

Gerishon Thawale ndi munthu woti mukakumana naye panjira lero, mawa mwamuiwala. Ndi wamfupi, wa zala zikuluzikulu, ndipo amayenda mwakachetechete ngati wabwereka nsapato. Kumtunda kwa Neno, m'midzi ya m'njira yopita ku Dambe, amamudziwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi pakamwa pake, pamene sipatuluka nkhani ya munthu. Chachiwiri ndi dzina lomwe anamupatsa chaka chatha, loti Odi-ndalowa, limene ana amamuitanira akabisala m'chimanga. Iye salikonda dzinali, koma sanayesepo kulikana.

Zaka khumi ndi chimodzi anali kalaliki pa chipatala chaching'ono cha bungwe lina, ndipo zaka zonsezo anazithera m'chipinda chimodzi chokhala ndi zitsulo pazenera ndi maloko awiri pachitseko. Mmenemo ndi mmene munkakhala chikompyuta. Chinali chibokosi chakuda chofika m'mawondo, chong'ung'udza tsiku lonse ngati chigayo cha kutsidya, ndipo chinali ndi jenereta yakeyake. Amene anabwera nacho anati chili ndi mphamvu zosunga maina a anthu onse a m'boma la Neno, kuwonjezapo ndi mbuzi zawo. Gerishon ankachiyatsa ndi kuchithimitsa motsatira wotchi yake yapamkono, imene sankavula ngakhale posamba. Poweruka ankachifunditsa nsalu, ndipo aliyense wolowa, ngakhale dokotala, ankayamba wavula nsapato chifukwa cha fumbi. Maina a onse olandira mankhwala otalikitsa moyo anali m'mimba mwa chinthu chimenecho, makiyi n'kumagona m'thumba la Gerishon.

Koma tisachikometsere chikompyutacho. Mphamvu zonsezo sizinkakwera phiri. Munthu akajomba tsiku lake lolandira mankhwala, icho chinkadziwa, inde, koma chinkangosunga mumtima mpaka mwezi utatha. Kenako Gerishon ankasindikiza mapepala, mapepalawo n'kumadikira munthu wolowera kumudziko. Nthawi zina wonyamula pepala ankapeza maliro atatha, achibale atameta kale.

Ndiye kunabwera matabuleti, timakompyuta tam'manja tooneka ngati foni yomwe yadya bwino. Mkulu wina wa bungwelo anaimirira pamaphunziro n'kunena mosabisa kuti kanthuka kalibe ngakhale theka la mphamvu za chikompyuta chija, koma kamafika pakhomo pa wodwala. Chikompyuta anachinyamula anthu awiri kukachiika m'chipinda chosungira katundu, pamodzi ndi mabedi othyoka. Gerishon anamupatsa njinga, chikwama ndi tabuleti, ndipo ntchito yake inakhala yolondola ojomba m'midzi. Pamaphunziro onse a masiku atatu anafunsa funso limodzi lokha, loti kodi chitseko cha kanthuka chili pati. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anamuuza kuti chitseko chake ndi nambala yachinsinsi, koma iye sanaseke nawo.

Komabe kanthuko kanamulowa mumtima, ngakhale sangavomere pagulu. Wojomba Lachiwiri ankamupeza Lachitatu, akadali ndi mphamvu zokangana naye. Ndipo apa ndi pamene munthu wosamala uja anadzikumbira dzenje. Maso ake anali atayamba kutopa ndi tizilembo, zala zake zikuluzikulu zinkaphonya podinda nambala, komanso m'dera lakelo muli a Eliza Phiri anayi. Choncho anaitchera tabuletiyo kuti 12 koloko masana iliyonse izilira, ndipo pagalasi pazituluka nkhope ndi dzina la aliyense wojomba, mkati mwa mzere wofiira, popanda kudinda kanthu. Ku ofesi anamuuza kuti asatero. Iye anati palibe vuto, tabuletiyo sichoka m'khwapa mwake, ndipo 12 koloko imamupeza ali yekha pansi pa mtengo akutafuna chinangwa. Kwa zaka ziwiri zinalidi choncho.

Kunyumba Gerishon ndi mkamwini. Kwawo ndi kumunsi, ku Lisungwi, koma atakwatira Tisungeni anakwera phiri kukakhala kwa mkazi wake, ndipo papita zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Apongozi ake, a Nangozo, ndi mayi wogulitsa kachewere, wa mawu omveka kutsidya kwa mtsinje, amene sanapondepo m'kalasi koma sanapusitsidwepo ndi munthu wa sukulu. Mabanja ambiri masiku ano anasiya zopewana ndi apongozi. Amadyera limodzi, amakwezana panjinga. A Nangozo zimenezo ayi. Mkamwini samuyang'ana kumaso, ndipo akakumana panjira mmodzi amalowa m'tchire. Akafuna kumuuza kanthu amauza Tisungeni, ndipo Tisungeni akachokapo amauza nkhuku iliyonse yodutsa, mokweza, mpaka Gerishon atamva. Nyumba yawo Gerishon anaifolera ndi manja ake, malata onse, koma mkati mwake anali asanapondemo n'kamodzi komwe.

Pabwalo lomwelo pali nyumba ya Ackim, mlongo wake wa Tisungeni, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto. Ackim anakatenga mkazi kutali, ku Matope, mtsikana wofatsa dzina lake Yunike, n'kubwera naye kwa amayi ake. Pagulu Ackim ndi wosangalatsa, wanthabwala, koma dzanja lake limafika msanga kuposa nzeru zake. Dzino lakutsogolo la Yunike linathyoka chifukwa cha uthenga wa pafoni umene pambuyo pake unapezeka kuti unachokera kwa azakhali ake.

M'mwezi wa Epulo, Yunike atayamba sikelo ya mimba yake yoyamba, anamuyeza magazi n'kumupeza ndi kachilombo. Potuluka anakumana maso ndi maso ndi Gerishon pakhonde la chipatala, tabuleti ili m'khwapa, ndipo anazindikira nthawi yomweyo kuti dzina lake lalowa kale mmenemo. Anamukokera kuseri kwa thanki ya madzi.

"Alamu, ine kuno ndilibe wanga aliyense," anatero. "Amuna anga ndidzawauza ndekha ndikapeza mphamvu. Koma akamva kwa wina, mudzandinyamula pamachira."

Gerishon anamulonjeza. Sanauze ngakhale Tisungeni, amene amagona naye mphasa imodzi.

Dzina lija la Odi-ndalowa linabadwa Loweruka lina la mu Julaye, tsiku lotsegulira chiliza cha malemu apongozi ake aamuna. Tsiku la Yunike lolandira mankhwala linali dzulo lake, Lachisanu, koma a Nangozo anamugwiritsa ntchito kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kusefa ufa, kutunga madzi, kuphika thobwa. Mkazi wobwera sangangosowa tsiku ngati limenelo osanena komwe akupita. Gerishon anaziona zonsezo. Anadziwa kuti Yunike wajomba, n'kuganiza kuti adzamunong'oneza alendo akabalalika.

Atabwerako kumanda, amuna anakhala pamabenchi pansi pa mtengo wa mapeyala, amayi pamphasa. Pamenepo ndi pamene Callista, mwana womaliza wa a Nangozo amene amagwira ntchito ku Joni, anayamba kuimba foni kuti akufuna kuwaona amayi ake ndi maso, osati kungomva mawu. Foni ya Ackim inali yosweka galasi, nkhope zinkaoneka zong'ambika pakati. Tisungeni anabwera n'kugwada pambali pa mwamuna wake, pamaso pa akuluakulu onse, n'kunena kuti amayi akupempha kanthu kantchito kaja, poti kali ndi galasi lalikulu.

Kodi mkamwini akana bwanji, tsiku la chiliza, malume a mkazi wake ali pomwepo akumuyang'ana? Gerishon anaganiza kuti ndi za mphindi zisanu. Anadinda nambala yake mobisa, n'kumuimbira yekha Callista. Nkhope inatuluka, kenako inauma pomwepo pakamwa pali yasa. Vuto linali netiweki, ndipo aliyense m'mudzimo amadziwa kuti netiweki yeniyeni imapezeka malo amodzi okha, pa zenera la pabalaza m'nyumba ya a Nangozo, pomwe anakhomapo kapu yoikamo mafoni. Asanaganize n'komwe, Tisungeni anali atailandira ndi manja awiri. Gerishon anaiona tabuleti yake ikudutsa bwalo, ikukwera khonde, ikulowa pakhomo pomwe iye salowa.

Anamupatsa thobwa, n'kumwa pang'ono. Kenako, mwachizolowezi chabe, anayang'ana pamkono. Kunatsala mphindi makumi atatu kuti ikwane 12 koloko, ndipo thobwa lija analiika pansi.

Wojomba wa Lachisanu anali mmodzi yekha. Nthawi ikakwana, nkhope ya Yunike idzatuluka pamwamba pa nkhope ya Callista, ndi dzina lake lonse, ndi mawu akuti sanabwere kudzatenga mankhwala. A Nangozo sawerenga. Koma Ackim anali atalowa nawo m'nyumbamo kukawagwirizira tabuleti, ndipo Ackim anafika Fomu 2. Kanthu kalikonse kowala ndi kolira sangakadutse osakasuzumira.

Gerishon anakodola Tisungeni n'kumuuza kuti akaitenge, pali zantchito zofunika. Tisungeni anapita, anakhalitsa, anabwera chimanjamanja. Anati Callista akulira, amayi akulira, azakhali atatu ali pamzere aliyense akufuna kupereka moni wake, ndiye iye akailanda bwanji? Anamufunsanso chapansipansi kuti ndi ntchito yanji ya Loweruka, kapena akungofuna kumuchititsa manyazi pamaso pa abale ake. Gerishon ananama kuti batire latsala pang'ono kutha, ndipo likatheratu kanthuko kamawonongeka. Tisungeni anapitanso, mapazi akuponda mwamphamvu. Posakhalitsa mawu a Ackim anatulukira pazenera, osangalala, akuti alamu asadandaule, iye wailumikiza kale ku pawabanki yake.

Amuna a pamabenchi anagwedeza mitu, akutamanda makina a mkamwini. Malume a Tisungeni anamufunsa ngati ndi zoona kuti kanthu kochepa choncho kamadziwa matenda a anthu onse a kuno. Gerishon anaseka ndi mano ouma n'kunena kuti anthu amakokomeza. Malaya anali atamatirira kumsana, chonsecho kunali mphepo ya Julaye yoti ena anafunda majekete.

Kunatsala mphindi makumi awiri. Anadzuka ngati akupita kuchimbudzi, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba ya apongozi. Chikanakhala chikompyuta chija, akanangothimitsa jenereta, zonse n'kuthera pomwepo. Aka kanalibe chingwe chopita kukhoma, kanalibe chilichonse choti munthu wa panja n'kukoka. Pazenera anaona nsonga ya duku la a Nangozo ndi phewa la Ackim, ndipo tabuleti inali pafupi kwambiri moti akanatha kuifikira ndi dzanja. Koma pazenerapo panali waya wolimba, ndipo anakhoma yekha chaka chomwe anafolera nyumbayo. Anapemphera kuti netiweki iduke, monga imadukira tsiku lililonse munthu akamalankhula zofunika. Tsiku limenelo inagwira ngati ya ku Blantyre.

Gerishon anamupeza Yunike kuseri kwa khitchini akutsuka mbale ndi amayi ena awiri. Gerishon anapempha madzi osamba m'manja, ndipo atapatukira pambali, madzi akuthiridwa, anamuuza zonse m'mawu ochepa. Yunike sanasiye kuthira. Anathira mpaka jagi inatha, n'kuigwirabe chopendeketsa. Kenako anapukuta manja pachitenje, anapita kukagwada pakhomo la apongozi n'kunena kuti chakudya chapsa, amayi atuluke adalitse. Mawu a a Nangozo anamveka bwalo lonse, akuti chakudya chilibe miyendo, chidikira.

Pobwerera, Yunike anadutsa pafupi ndi Gerishon osamuyang'ana. Anakakhala pansi pafupi ndi mbale zija, dzanja lili pamimba. Sanamutukwane, sanamufunse kuti lonjezo lija lili kuti, ndipo zimenezo zinamupweteka Gerishon kuposa kutukwanidwa. Anachita mantha enieni. Anachitanso manyazi, chifukwa iye amene anafunsa za chitseko pamaphunziro paja ndi amene anachisiya chotsegula.

Anabwerera pabenchi kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. Anayesa kuganiza njira ina iliyonse. Akakuwa kuti moto, anthu adzathamanga, koma Ackim adzatuluka tabuleti ili m'manja. Akatuma malume, malumewo adzafuna kudziwa chifukwa chake. Panatsala njira imodzi yokha, ndipo ankaidziwa kuyambira pachiyambi, kungoti ankaizemba. Akalowa m'nyumbamo, Tisungeni adzayenda chozolika mudzi wonse, ndipo iye sadzatha kufotokozera aliyense chifukwa chake, lero ngakhale mawa. Anayang'ana wotchi. Kunatsala mphindi zitatu.

Anavula chipewa n'kuchisiya pabenchi. Anadutsa bwalo molunjika, ndipo nkhani za amuna zinaduka imodziimodzi. Atakwera khonde, mayi wina pamphasa anagwira pakamwa. Gerishon anati odi, koma sanadikire yankho. Phazi lake litangoponda pakhomo, anamva kulira kuja kumene ankakumva tsiku lililonse pansi pa mtengo, katatu, kosachedwa ndi kosafulumira. Wotchi imene anaikhulupirira zaka zonsezi inali m'mbuyo ndi mphindi ziwiri.

Mkati munali mdima kwa munthu wochokera padzuwa, ndipo munkanunkhira dothi la matumba a kachewere. Azakhali anadzikokera kukhoma. A Nangozo anali pakampando pansi pa zenera, tabuleti ili chafufumimba pamiyendo pawo, nsonga ya chitenje itaiphimba. Mawu a Callista ankatuluka m'nsalumo, akufunsa kuti bwanji akungoona mdima. Ackim anali atawerama, dzanja lina lili ndi pawabanki, lina atalitambasula.

"Amayi, chalira chiyani? Bweretsani ndione."

Gerishon analowa pakati pa mwana ndi mayi wake. Anapisa dzanja pamiyendo pa apongozi ake, n'kuitenga. Chingwe cha pawabanki chinazuka n'kugwa pansi. Kwa nthawi yoyamba pa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, maso ake anakumana ndi a a Nangozo, kamphindi kochepa kwambiri. Kenako mayiwo anatembenukira kukhoma n'kukuwa mokweza moti nkhuku zinathawa pabwalo.

Iye anatuluka osayang'ana kumbali, n'kukaima kuseri kwa khola la mbuzi. Atatembenuza tabuleti, Yunike anali pomwepo mkati mwa mzere wofiira, akumwetulira chotseka pakamwa monga amachitira pobisa dzino lija. Gerishon anafufuta uthengawo ndi chala chake chachikulu chija, anachita kubwereza katatu. Sankadziwa ngati wina wauona, kapena tabuletiyo inangogwa yokha chafufumimba.

Mlandu unakhala masana omwewo, anthu atangodya. Malume anamufunsa chimene chamulowa, ndipo Gerishon anangoti ndi katundu wantchito, ali ndi malamulo ake. Anamufunsanso, iye n'kubwereza mawu omwewo. Apa Ackim anaseka, kuseka kopanda chimwemwe, n'kunena kuti munthu sathyola mwambo chifukwa cha malamulo a ku ofesi Loweruka. Anati kanthuko kalira, ndipo alamu akudziwa chimene chalizacho. Mwina ndi mkazi wina wa kumidzi komwe amazungulira ndi njinga. Ngati mulibe kanthu, atsegule pompano aliyense aone.

Amuna anavomereza kuti mnyamatayo wanena zomveka. Malume anatambasula dzanja. Koma chimene chinamulasa Gerishon ndi Tisungeni, amene anali atakhala chozolika nthawi yonseyo. Anadzutsa mutu, maso ali ofiira, n'kumuitana ndi dzina la mwana wawo.

"Bambo a Faith, tsegulani tione, zithe."

Uthenga uja anali ataufufuta, koma munthu wodziwa foni ngati Ackim sangatenge mphindi ziwiri asanapeze mndandanda wa maina. Gerishon anaipanikiza tabuleti m'khwapa n'kunena kuti ayi. Analinena liwulo motsitsa, akuyang'ana pansi. Ackim anaimirira, ndipo Yunike, amene ankatolera makapu chapafupi, anaima chilili ndi beseni m'manja.

Pamenepo a Nangozo anayamba. Anali pakhonde, msana ataupereka kubwalo, ndipo ankauza nkhuku yakuda yomwe inkatola nyenyeswa pansi pa masitepe. Anaiuza kuti chinthu chimenecho asachionenso chitatsegulidwa pabwalo pawo, lero kapena tsiku lina, poti ndi chomwe chabweretsa tsoka lonseli. Anaifunsa nkhukuyo kuti kodi amene wagwiridwa pamiyendo ndi ndani, iwo kapena Ackim? Ndiye Ackim akuimirira chifukwa chiyani, akhale pansi. Mlandu ndi wawo, mlandu ndi dzanja la mkamwini, ndipo aliyense wofuna kuusandutsa mlandu wa magalasi ndi akazi a kumidzi anyamuke akauweruzire kwawo. Anatchula malemu amuna awo, amene sanagone n'komwe tsiku limodzi pansi pa chiliza chatsopano. Anatchula amayi awo ndi agogo awo, amene sanaonepo chipongwe chotere. Anafuna tambala, wofiira, lero lomwelo, ndipo mkamwiniyo amunyamule yekha kudutsa bwalo anthu akuona.

Analalata mpaka mthunzi wa mtengo wa mapeyala unasuntha, ndipo pomaliza palibe amene ankakumbukira za tabuleti. Ackim anali atakhala pansi kalekale, akusewera ndi chingwe chake chozuka. Gerishon anakagwira tambala wake yekhayo n'kudutsa naye bwalo, ana akuseka, akuluakulu akubisa pakamwa. Nthawi imeneyo anadana nawo apongozi akewo ndi mtima wake wonse. Dzuwa lisanalowe anachotsa zolira za 12 koloko zija, koma Tisungeni sanamulankhule tsiku limenelo ngakhale mawa lake. Madzi osamba ankangowasiya kubafa osanena kanthu.

Lolemba m'mawa anapalasa njinga kupita kuchipatala, n'kukadzinenera yekha kwa mkulu wake zonse zimene anachita. Anamudzudzula, ndipo iye sanadziteteze. Potuluka mu ofesimo anaona Yunike pabenchi la odikira, kabuku kake kali m'manja. Pambali pake panali dengu la kachewere, ndipo pambali pa dengulo panali a Nangozo, akuuza aliyense wofuna ndi wosafuna kumva kuti abwera kudzagulitsa malonda, ndiye angoti amuperekezenso mwanayu kusikelo.

Gerishon anafuna kupatuka monga mwa masiku onse, koma pakhonde la chipatala palibe tchire. Anaima pomwepo chipewa chili m'manja. A Nangozo anatembenukira kukhoma, n'kulankhula kwa Yunike ndi mawu otsika amene Gerishon anali asanawamvepo kwa iwo.

"Uwauze alamu akowo kuti kuwerenga sindidziwa, koma nkhope ya mwana wa pakhomo panga ndimaidziwa. Ntchito yomwe iwo amayendera m'midzimu ndimaidziwanso. Ackim tidzamuuza tili awiri, ine nditakhala pakati, tsiku lomwe mwini wake adzasankhe."

Yunike sanabwereze uthengawo. Ankangoyang'ana kabuku kake, misozi ikugwera pachikuto. Gerishon anakumbukira tabuleti ili chafufumimba, nsonga ya chitenje, ndi kulalata konse kuja kwa nkhuku yakuda. Anafuna kuthokoza, koma a Nangozo anali asanamalize.

"Uwauzenso kuti anachedwa. Chinalira iwo asanafike. Tsiku lina pa zenera paja sipadzakhala ine."

Namwino anasuzumira pakhomo n'kuitana wotsatira. Yunike anadzuka, a Nangozo n'kudzuka naye, dengu analisiya pomwepo. Gerishon anaima yekha pakhondepo, tabuleti ili m'khwapa. Kenako anamasula wotchi ija pamkono n'kuiponya m'thumba.